Fomula Inaima Isanafike ku Nsadzo

Chifunde,
15 Novembro 2025

Okondedwa achemwali anga, mana Rita,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amphamvu, inu pamodzi ndi alamu ndi onse a m'nyumba mwanu kumeneko ku Beira. Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Mvula yoyamba yagwa Lachinayi lapitali, yeniyeni yolowa m'nthaka, moti pamene ndikulemba pano pamsika pali zii, aliyense ali kumunda ndi khasu.

Musadabwe kuona kalata yopanda inki ya cholembera, ndipo musaganize kuti ndapempha munthu kuti andilembere. Ndine ndemwe, mlongo wanu Timóteo, pa komputadolo, ndi zala ziwiri, china kumanja china kumanzere, ndikujompha zilembo ngati nkhuku pa misere. Ndayamba dzulo m'mawa. Ndikanatha kukuimbirani foni, koma redi ya mafoni ya kuno mukuidziwa, imadula nkhani pakati, ndipo nkhani ndili nayoyi siyofunika kudulidwa. Ndipatsira akatekista a ku parokiya kwathu, amene akutsikira komweko Lolemba.

Mana, ndaona chinthu! Koma ndiyambire poyambira kuti mumve bwino.

Chaka chino ndi chakhumi ndi chimodzi ndili mlembi wa mgwirizano wathu wa alimi, uja timautcha Khasu Limodzi. Ntchito yanga yaikulu imabwera mvula ikamayandikira. Mlimi aliyense amanena kukula kwa minda yake, ine n'kuchulukitsa ndi makilo a mbewu oyenera pa hekitala imodzi, chimanga pachokha, soya payekha, mtedza pawokha. Ndikaphatikiza zonse ndimatumiza lista ku Tete, kunyumba yosungira mbewu, kuti adziwe zokweza m'makamyao, magalimoto akuluakulu a katundu aja. Pamene tinali alimi mazana asanu, ntchitoyo inkanditengera masabata awiri, ine ndi buku langa lakuda ndi kalikuladola. Ndinkanyada nayo, sindibisa. Ndikamadutsa pamsika bukulo lili m'khwapa, anthu ankandilonjera ndi manja awiri.

Chaka chino magulu a ku Cassacatiza ndi a ku Nsadzo alowa nawo mumgwirizano, ndipo tafika alimi 4216. Atsogoleri a magulu analemba maina ndi minda pa mafoni awo, zonsezo n'kusonkhanitsidwa pa lista imodzi m'komputadolo. Bungwe limene limatithandiza linatitumizira komputadoloyo pamodzi ndi mtsikana wa ku Tete, dzina lake Dércia, wophunzira za ulimi ndi za makinawa.

Anafika pa mota, njinga yamoto ija, chikwama kumsana, fumbi mpaka m'nsidze. Anandipatsa moni atapinda mawondo, akunditcha atiyu ngati ndine malume ake, n'kunena kuti, "Atiyu, ndabwera kudzagwira nanu ntchito, mundiphunzitse za kuno." Ine ndinangoti "Eya," maso ali pa buku. Ndiulule, mana, mwanayo sanandilakwire kanthu, koma ndinamuda asanatule n'chikwama chomwe. Atandipempha kuti ndikhale pafupi ndione mmene makinawo amagwirira ntchito, ndinati kuwala kwake kumandipweteka maso. Linali bodza. Maso anga ndi omwe aja olowetsa ulusi pa singano mlamu wanu Graça akalephera.

Maina omaliza anafika kumapeto kwa mwezi wathawu. A ku Tete anati lista ifike pofika Lachitatu, pa 5, chifukwa Lachisanu ndiye tsiku lokweza, ndipo ikachedwa mbewu yathu ipita ku madera ena. Dércia anati, "Atiyu, kuchulukitsako ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndikuonetseni." Mawu amenewo anandilasa. Ntchito ya moyo wanga, iye akuti mphindi zochepa! Ndinamuuza kuti angondisindikizira listayo pa mapepala, zotsalazo ndi zanga. Anatulutsa mapepala makumi asanu ndi anayi, n'kupita kukayendera minda.

Ndinakhala pansi ndi kalikuladola masiku anayi. Lolemba masana kunabwera dona Marcelina, apampando a mgwirizano wathu. Mukuwakumbuka, aja ankatsogolera kwaya mudakali kuno, mawu awo sanachepebe.

"A Timóteo, mwafika pa angati?"

"Mazana atatu ndi makumi asanu ndi atatu."

"Mwa masiku angati?"

"Anayi."

Anawerenga zala, milomo ikugwedezeka, n'kunena kuti, "Ndiye kuti mbewu yathu idzafika chimanga cha anzathu chitamasula ngayaye. Ayi, bambo. Mawa Dércia achite pa makina ake."

Tsiku lomwelo ndinalemba kalata yosiya ntchito, n'kuiika m'thumba la malaya kuti m'mawa ndikapereke. Kutacha ndinapeza malaya aja ali pachingwe, akudontha madzi, kalata ili phala m'thumba. Graça anangondipatsa malaya ena n'kunena kuti ndifulumire ndachedwa. Kaya anaiwerenga kaya ayi, mpaka lero sanandiuze.

Nditafika ku ofesi ndinapeza Dércia atakhala kale, dzanja lamanja atalikulunga ndi nsalu ya kapulana, litatupa ngati chinangwa. Dzulo lake anagwa ndi mota pamchenga wa pamtsinje pochokera ku minda.

"Atiyu," anatero, "lero manja anga ndinu. Lamanzereli silidziwa kanthu. Ine ndizinena, inu muzichita."

Ndinayang'ana dona Marcelina, iwo n'kuyang'ana denga. Pothawira panalibe. Ndinakhala pampando.

"Gwirani ratu."

"Khoswe? Ali kuti?"

Anaseka mpaka kugwira dzanja lopwetekalo. Ratu wake ndi kachinthu kaja kamchira kamene umakwekwereza patebulo, kamuvi n'kumayenda pagalasi. Kanandithawa kangapo konse, kamuvi kakupita kumene ine sindikufuna, koma pang'onopang'ono kanayamba kundimvera.

Ndikufotokozereni mmene listayo imaonekera, chifukwa mukapanda kuiona m'maganizo simumva chimene chinandisangalatsa. Ili ngati munda wa mizere. Mlimi aliyense ali ndi mzere wake, ndipo mzerewo uli ndi tizipinda: ka dzina, ka mudzi, ta minda, kenako ta makilo a mbewu, timene tinali topanda kanthu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pamwamba penipeni, pambali, Dércia anali atalemba 25 m'kachipinda kakekake, ndiwo makilo a chimanga pa hekitala.

Anandiuza kuti ndigunde kachipinda kopanda kanthu ka mlimi woyamba, ndilembe igwali, timizere tiwiri togona tija, kenako ndigunde kachipinda ka munda wake, kenako kanyenyezi, komwe ndiko kuchulukitsa, kenako kachipinda ka 25 kaja. Anati imeneyo ndiyo fomula, lamulo limene ukuuza makina. Nditadina batani lalikulu panatuluka 50. Mlimiyo ali ndi mahekitala awiri.

"Zimenezi ngakhale ine ndimatha," ndinatero. "Ndiye tizichita chonchi mpaka anthu zikwi zinayi? Kalikuladola yanga ikufulumira kuposa apa."

"Dikirani, atiyu. Mukuona kadontho ako pangodya ya kachipindako? Fikitsani kamuvi pamenepo mpaka kasanduke kamtanda kakuda. Eya, pomwepo. Tsopano gundani kawiri mofulumira."

Ndinagunda kawiri, koma mwaulemu, ngati ndikugogoda pakhomo pa apadiri. Sipanachitike kanthu. Kachitatu ndinagunda mwaukali, ta-ta, ndipo galasi linaphethira. Tizipinda tonse totsika pansi tinadzaza nthawi imodzi, koma ndi mazero okhaokha. Woyamba yekha ndiye anali ndi 50 wake, ena onse zero, zero, zero.

Mana, Mulungu andikhululukire, mtima wanga unavina. Ndinatembenukira kwa dona Marcelina n'kunena kuti, "Mwaona? Makina anu akuti chaka chino tisadzale."

Dércia sanatekeseke. Anati, "Ndakusiyani dala kuti muone. Fomula ikamatsika, chilichonse chili m'kati mwake chimatsika nayo. Kachipinda ka munda kayenera kutsika, chifukwa mlimi aliyense ali ndi munda wake. Koma 25 uja ali malo amodzi. Fomula yatsika n'kumakamufuna m'tizipinda ta pansi pake, mopanda kanthu. Mbuzi mukafuna kuti isachoke pamalo mumatani?"

"Ndimaimangirira pachikhomo."

"Basi, timumangirire."

Chikhomo chake ndi kachizindikiro kotchedwa sifirao, S wokhala ndi mzere pakati. Ndinakaika kawiri pa dzina la kachipinda ka 25, mmene anandiuzira, n'kubwereranso pa kadontho kaja. Ta-ta.

Mana Rita! Manambala anatsika waa, ngati chimanga chikukhuthuka m'dengu. Sindinathe n'kuphethira komwe. 50, 37 ndi theka, 25, 75, aliyense ndi wake, aliyense wolingana ndi munda wake. Ndinazunguza kagudumu ka ratu, mazana akudutsa, manambala ali tho. Akuti ndinakuwa. Ine sindikukumbuka, koma amayi ogulitsa tomato panja anathamangira pawindo kudzaona amene walumidwa ndi njoka. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Ndinati, "Tifafanize, ndichitenso!" Ndinachita kanayi, ndipo kanayi konse kunali kukoma chimodzimodzi. Dona Marcelina anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango, akuti sanandionepo mano onse chikhalire.

Mtima utakhala pansi ndinatenga mapepala anga aja kuti ndigwire makinawo bodza. Ndinafananitsa maina onse mazana atatu ndi makumi asanu ndi atatu, limodzilimodzi. Tinasiyana pa atatu okha. Nditabwereza ndi kalikuladola, atatu onsewo wolakwa ndinali ine. Mmodzi anali mayi wamasiye amene ndinamuchepetsera makilo khumi ndi awiri. Pamenepo chimwemwe chinazizirako pang'ono, chifukwa ndinadzifunsa kuti pa zaka khumi ndi chimodzi zija, ndi angati anapita kwawo ndi thumba lopepuka, akundithokoza.

Pofika masana dzanja la Dércia linali litatupa mpaka m'chigongono. A kuchipatala anati apite ku Tete akaliunike. Asananyamuke anandilembera papepala, ndi dzanja lamanzere lija ankati silidziwa kanthu, mmene ndingaphatikizire makilo onse ndi mmene ndingatumizire lista. Zilembo zake zinali zowongoka kuposa zanga. Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana kumbali.

Lachitatu ndinali ndekha, mfumu ya komputadolo. Ndinalemba fomula ya soya, chikhomo osaiwala, ta-ta. Ya mtedza, ta-ta. Ndinaphatikiza, n'kutumiza ku Tete dzuwa lisanafike pamutu. Anayankha kuti alandira, akonza makamyao atatu. Apa ndiulule chinthu china. Nditaona chiwerengero chonse cha chimanga, china chake mumtima chinandiuza kuti chachepa. Munthu wogwira ntchitoyi zaka zonsezi amadziwa kulemera kwa nambala. Koma ndinati ndine yani ine wotsutsa makina amene andigwira zolakwa zitatu dzulo lomweli? Ndinatseka, n'kupita kunyumba ndikuimba mluzu.

Lachinayi m'mawa kunatulukira a Severino, mtsogoleri wa limodzi mwa magulu a ku Nsadzo. Ndi bambo wamtali, wofatsa, wolankhula ngati mawu amagula. Anapalasa njinga kuchokera kwawo dzulo lake, kudzatsata chikalata china ku administrasao, kuofesi ya boma, ndipo anati apatuke adzamve za mbewu. Ine ndinakondwa kupeza wondionerera.

"Khalani apa, a Severino, muone zamakono. Dzina lanu ndilipeza musanameze malovu."

Ndinazunguza kagudumu. Midzi ya kuno inadutsa, ya ku Cassacatiza inadutsa, manambala ali tho. Kenako pa mzere 3105 panali mpata, mzere umodzi wopanda dzina, wopanda chilichonse. Pansi pake maina anayambanso, a ku Nsadzo. Maina analipo, midzi inalipo, minda inalipo. Tizipinda ta makilo tinali mbee.

Ndinazunguzabe, mwina ndi ochepa chabe. Mbee, mbee, mpaka pansi penipeni. Alimi oposa chikwi, Nsadzo yense, analibe ngakhale njere imodzi pa lista imene ndinatumiza. Fomula ija inatsika bwinobwino, itafika pa mzere wopanda kanthuwo inayesa kuti lista yathera pomwepo, n'kuima. Tsiku lija ine ndi Dércia tinaona mazana oyambirira okha, pansi sitinafikeko.

A Severino sadziwa za makina, koma nkhope amawerenga.

"Bwanji, alembi? Dzina langa palibe?"

"Dzina lilipo."

"Nanga mbewu?"

Ndinapukusa mutu. Iwo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Alembi, kwathu mizere tapanga kale. Chaka chino ambiri sanasunge mbewu, chifukwa ine ndinawauza kuti mgwirizano ubweretsa yabwino. Ndinayenda khomo ndi khomo. Ndikabwerera chimanjamanja, sindikudziwa kuti ndikalowera njira iti."

Mana, pamenepo woipa uja anandinong'oneza. Anati uwauze kuti zonse zili bwino apite, ndipo zikadzaululika udzati ndi mtsikana uja ndi makina ake, iwe unanena kale kuti sukuwafuna. Ndani akanandiimba mlandu? Ndinalimva liwulo bwinobwino, ndipo sindinalithamangitse msanga monga ayenera kuchitira mkhristu. Chimene chinandithandiza ndi chipewa chija. Chinali chonyowa ndi thukuta la ulendo wonse wochokera ku Nsadzo.

"A Severino," ndinatero, "ndalakwitsa. Musachoke."

Ndinaimbira Dércia, foni yozima. Ndinaimbanso, yozima. Ndinayang'ana pepala lake lija, za mpata panalibepo. Ndinatsala ine, ratu, ndi a Severino akupumira paphewa panga.

Ndinayamba kuganiza ngati mlimi. Kudimba, madzi akamayenda m'ngalande n'kupeza pogumuka, amaima. Sutaya dimba, umawaolotsa pogumukapo, kutsogoloko amayenda okha. Ndinapita pa mlimi womaliza amene anali ndi nambala, ndinagwira ngodya ya kachipinda kake, n'kukoka osasiya chala. Koyamba ndinagwira polakwika, kachipinda konse kanazuka n'kukagwera kwina. Ndinati ndaononga lista ya anthu zikwi zinayi. Mwamwayi ndinakumbuka kamuvi kokhota kobweza zimene wachita, kamene tinkafafanizira tsiku lija ndikusewera. Ndinakagunda, zinthu n'kubwerera m'malo. Ndinapukuta manja pa buluku. Kachiwiri ndinadikira mpaka kamtanda kakuda kaoneke, ndinakoka pang'onopang'ono kuoloka mpata uja, n'kusiya pa dzina loyamba la ku Nsadzo. Panatuluka nambala. Ndinabwerera pa kadontho. Ta-ta.

Waa!

Ulendo uno sindinakuwe msanga. Ndinatsika mpaka dzina lomaliza lenileni, mayi wina wa mudzi wa kumalire, ndipo makilo ake analipo. Ndinachita chimodzimodzi ndi soya ndi mtedza. Kenako ndinabwerera pa dzina la a Severino.

"Munda wanu wa chimanga ndi hekitala ndi theka?"

"Ndi momwemo."

"Makilo 37 ndi theka."

Anawerenga chamumtima, n'kugwedeza mutu. "Ndi yomweyo. Ndiye mwakonza ndi chala chimodzi?"

"Chimodzi chomwechi."

Anachigwira chalacho, mana, n'kuchiyang'ana uku ndi uku ngati akufuna kugula. Pamenepo ndiye tinaseka, amuna awiri aimvi, kugwirana mapewa m'kaofesi kotentha.

Koma lista yolakwika inali kale ku Tete, ndipo mawa lake linali tsiku lokweza. Ndinathamangira kwa dona Marcelina n'kuwauza zonse. Sanandikalipire. Anangondipatsa foni yawo n'kunena kuti, "Mwini mlandu ndiye amalankhula." Ndinatumiza lista yatsopano, n'kuimbira mkulu wa kunyumba yosungira mbewu ku Tete. Analusa.

"Makamyao ndakonza atatu, tsopano mukuti anayi? Yachinayi ndiitenga kuti lero? Walakwitsa ndani kumeneko?"

"Ndine, bwana. Timóteo, mlembi."

"Si makina?"

"Makina anachita zimene ndinawauza. Ine sindinayang'ane pansi."

Ndinamva mapepala akutembenuzidwa. Kenako anati, "Mukanaimba mawa, mbewu imeneyo ikanapita kwina. Atatu anyamuka mawa. Yachinayi Lolemba, ikapezeka. Ndipo bambo, ulendo wina muziyang'ana pansi."

Masiku anayi amenewo ndinayang'ana kumwamba kuposa mmene ndayang'anira moyo wanga wonse, chifukwa mukudziwa kuti mvula ikagwa, njira za m'midzi ya ku Nsadzo kamyao siilowa. Lamulungu pa misa aliyense ankapempherera mvula, ine ndekha ndikupempha kuti idikire pang'ono. Mitambo inasonkhana Lolemba, inagunda, n'kubalalika.

Kamyao yachinayi inafika Lachiwiri m'mawa, ndipo ndinakwera nawo mpaka ku Nsadzo, lista ili pamwendo. Tinapeza anthu atadzaza pabwalo la sukulu ndi matumba, mabeseni, njinga. A Severino anali ataima patsogolo atavala jekete. Ndinaitana maina tsiku lonse mpaka mawu anasasa, atsogoleri a magulu akuyeza pa sikelo, ndipo palibe anabwerera wopanda mbewu. Amayi ena analuluta nditaitana dzina lawo ndi makilo ake, akuti sanayembekeze kuti ku Chifunde kuli munthu wodziwa kukula kwa munda wawo. Patangopita masiku awiri, mvula ija inagwa.

Dércia anabwera Lachitatu la sabata ino, dzanja lili m'chikhakha, fupa linathyoka pang'ono. Nditamufotokozera anagwira pakamwa.

"Atiyu, cholakwa ndi changa. Ndinayenera kukuuzani za mipata. Ndiye anakuonetsani kuolotsa ndani?"

"Palibe. Ndinaganiza za ngalande."

Anamenya tebulo ndi dzanja labwinolo. "Ayi, inu ndinu oopsa! Ine zimenezo ndinazidziwa nditalira kaye m'kalasi." Kenako anati, "Mukundikumbutsa bambo anga. Iwo ndi telala, kusukulu sanapite patali. Koma ndikafika kunyumba amati nditsegule komputadolo ndiwaonetse zimene ndikuchita, n'kuitana anzawo a mashopu oyandikana kuti adzaone mwana wawo. Samvapo kanthu, koma amakhala pomwepo mpaka batire ithe."

Ndinati ndikaone ngati njinga yanga ili pamthunzi, n'kutuluka. Njingayo inali pamthunzi kale. Ndinaima kuseri kwa ofesi nthawi yaitali.

Mana, mwadziwa kale kumene kalatayi ikupita. Ndazungulira masamba onsewa ngati munthu woopa galu pakhomo, koma ndafika.

Papita zaka ziwiri ndi miyezi itatu chichokereni mwana wanga Nilza kubwera kwa inu. Tsiku limene anandiuza kuti akufuna kukaphunzira za makomputadolo, ine ndinali nditamupezera kale malo ku maphunziro a uphunzitsi, osamufunsa. Ndinamuuza kuti zimene akufunazo ndi ntchito ya alesi, yoseweretsa zala, yosadyetsa munthu. Atalimbikira, ndinanena pamaso pa amake kuti akakwera galimoto ya ku Beira asadzandiimbirenso foni. Mwanayo ndi womvera, mana. Sanaimbe. Inu munamulandira, munandilembera kawiri, ine osayankha. Graça akamalankhula naye Lamulungu masana, ine ndimatuluka kukaona mbuzi, koma sindipita patali. Ndimaima kuseri kwa khitchini pamene mawu amamveka. Ndi mmene ndinadziwira kuti anakhoza chaka choyamba, ndiponso kuti anadwala malungo mu Marso. Ndinadziwa, ndipo sindinafunse.

Dércia uja sindinamude chifukwa cha buku langa lokha. Atatsika pa mota ndi chikwama kumsana, ndinaona mwana wa munthu wina amene bambo ake anamulola.

Sindikudziwa kupepesa kwa mwana. Atate athu sanatiphunzitse zimenezo, inu ndinu mboni. Ndiye ndikupemphani, monga mkulu wanga, mumpatse kalatayi awerenge yekha, yonse, ndi pa khoswe pomwe, aseke bambo ake. Ngati safuna, musamukakamize, ali ndi chifukwa.

Akatekista akupatsani kathumba ka mtedza wa chaka chatha ndi mfutso wa nkhwani, Graça ndiye wamanga. Akuti mfutsowo musagawire anthu a mu mpingo monga munachitira ulendo watha. Mundiperekere moni kwa alamu a Cláudio, muwauze kuti mwendo ukapola abwere adzaone soya wathu. Moni kwa Jéssica ndi mwamuna wake, ndi kwa kamdzukulu kanu kamene sindinakaonebe. Dona Marcelina akuti kwaya ikusowabe mawu anu.

Ndipo kwa Nilza, mumuuze izi. Mwezi wa mawa ndiyenera kutulutsa makilo a mudzi uliwonse pawokha, midzi makumi asanu ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kuti pali fomula yake yochita zimenezi kamodzi. Dércia akuidziwa. Dzulo anafuna kundionetsa, ine ndinati adikire kaye, ndili ndi wina woti ndimufunse. Ndine wochedwa kumva, zala zanga n'zolimba, ndipo adzafunika kubwereza katatu. Akakhala ndi mpata, tsiku lililonse, ola lililonse. Nambala yanga ndi yomwe ija, ndipo masiku ano foni ndikupita nayo ndi kumunda komwe.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Timóteo